Gizela ndi Chisoti cha Ababa

Gizela anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakhala ku Moatize. Ankafuna chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuti bambo ake azibwera kunyumba tsiku lililonse.

Poyamba Gizela ankakhala ku Zóbuè. Ku Zóbuè kuli mapiri. Kuli mphepo yozizira. Nthaka ya kumeneko imakhala phee. Sigwedezeka.

Koma bambo ake, a Laurindo, anapeza ntchito ku mgodi wa malasha. Ankayendetsa chigalimoto chachikulu. Tayala lake limodzi linali lalitali kuposa chitseko cha nyumba. Choncho banja lonse linasamukira ku Moatize.

Ku Moatize kumatentha. Fumbi lake ndi lakuda. Ukayanika malaya oyera m'mawa, madzulo umawapeza atasintha mtundu. Kutentha Gizela anakuzolowera. Fumbi analizolowera. Koma sireni sanaizolowere.

Sireni inkalira masana. Inkalira kuti wiii, wiii, wiii. Kenako kunkangoti zii. Kenako pansi pankamveka kuti guuu.

Kunali ku mgodi. Ankaphulitsa miyala kuti afike pamene pali malasha. Nthaka inkanjenjemera. Malata ankalira. Makapu ankagundana m'nyumba.

Anthu a ku Moatize sankacheuka n'komwe. Amayi ogulitsa tomato ankapitiriza kuitana ogula. Ana ankapitiriza kusewera mpira. Ngakhale mbuzi zinkapitiriza kutafuna mapepala.

Koma Gizela ayi. Mtima wake unkagunda. Pakamwa pankauma. Ndipo m'mutu mwake munkamveka timawu.

"Ababa ali komweko," timawuto tinkatero. "Mwala wawagwera. Sabweranso."

Gizela sanauze munthu. Bambo ake ankabwera atatopa. Mayi ake, a Josefina, ankakhala ku msika tsiku lonse. Ankagulitsa tomato ndi anyezi. Gizela anangowasunga manthawo m'mimba.

Madzulo aliwonse ankaima pa msewu. Ankadikira basi ya ku mgodi. Abambo ankatsika atavala zisoti zoyera. Gizela ankayang'ana chisoti ndi chisoti. Chisoti cha bambo ake ankachidziwa. Chinali ndi kanyenyezi kobiriwira. Anakajambula ndi iye mwini.

Akangoona kanyenyezi, mtima unkakhala pansi. Koma mawa lake sireni inkaliranso. Mantha ankayambiranso. Mantha amatopetsa, ana inu. Amatopetsa kuposa kutunga madzi.

Tsiku lina sireni inalira ana asanaweruke ku sukulu. Wiii, wiii, wiii. Gizela analowa pansi pa tebulo. Anatseka makutu. Anatsinzina.

Guuu.

Ana ena anaseka. Wina anati Gizela wasanduka nkhuku yoona mphamba. Gizela anachita manyazi. Anafuna kulira.

Aphunzitsi ake anali a Hortência. Anali aafupi ndi onenepa. Anauza ana onse kuti atuluke. Kenako anagwada pansi. Anayesa kulowa pansi pa tebulo paja. Mutu unalowa. Zina zonse zinakana.

"Kuno n'kwabwino," iwo anatero. "Koma n'kothina."

Gizela anamwetulira pang'ono. Aphunzitsi sanamukalipire. Sanamukokere panja. Anangokhala naye mpaka fumbi litatsika. Kenako anamufunsa chimene amaopa.

Gizela anaulula zonse. Ananena za mwala. Ananena za timawu ta m'mutu.

Aphunzitsi anamvetsera. Anati nawonso amaopa. Amaopa mlatho wa pa Zambezi, ku Tete. Galimoto ikakwera pa mlatho, iwo amaganiza kuti uthyoka. Komabe amawoloka.

"Mumawoloka bwanji, Apulofesora?" Gizela anafunsa.

"Ndili ndi zinthu zitatu. Tuluka ndikuonetse."

Gizela anatuluka. Anaimirira.

"Choyamba, ponda pansi," aphunzitsi anatero. "Mapazi onse awiri. Imva nthaka."

"Koma nthaka imagwedezeka."

"Imagwedezeka, inde. Kenako imaleka. Mantha nawonso amabwera, kenako amaleka. Iwe ungoponda, udikire."

Chachiwiri chinali mpweya. Aphunzitsi anati aukoke ndi mphuno, ngati akununkhiza mango. Autulutse ndi pakamwa pang'onopang'ono, ngati akuuzira mbatata yotentha. Achite zimenezi katatu.

Gizela ananunkhiza mango. Anauzira mbatata. Ananunkhiza mango. Anauzira mbatata. Mapewa ake anatsika.

Chachitatu chinali manja. Aphunzitsi anatambasula manja awo awiri. Anati mantha si mdani. Amafuna kukuteteza. Koma ali ngati munthu wa miseche. Akamva mawu amodzi, amawonjezera khumi.

"Dzanja ili ndi la maso," iwo anatero. "Uziikamo zimene waona. Dzanja ili ndi la mantha. Uziikamo zimene mantha awonjezera. Usazisakanize."

Gizela anayesa. Sireni yalira, ili ndi dzanja la maso. Nthaka yagwedezeka, ili ndi dzanja la maso. Mwala wagwera ababa. Apa Gizela anaima. Mwalawo sanauone. Anauika m'dzanja la mantha.

Aphunzitsi anati zikadali zosadziwika, ndi bwino kufunsa. Paja safunsa anadya phula.

Mawa lake sireni inaliranso. Gizela anaiwala zonse. Analowanso pansi pa tebulo. Zinthu zatsopano zimatero. Sizilowa tsiku limodzi.

Mkuja wake anaponda pansi. Anauzira mbatata kamodzi, kenako anathawa. Tsiku lina anauzira kawiri. Tsiku lina katatu. Mtima unkagundabe. Koma Gizela anayamba kukhala pa mpando.

Kenako linafika Lachisanu.

Tsiku limenelo kunaphulika kwambiri. Guuu. Choko chinagwa pa bolodi. Fumbi lakuda linakwera m'mwamba. Linaphimba dzuwa kwa kanthawi. Ngakhale mbuzi zinadzutsa mitu.

Gizela anaponda pansi. Anapuma katatu. Mantha anachepa, koma sanathe. Anatsala m'mimba ngati kamwala.

Madzulo anapita pa msewu. Basi inafika. Abambo anayamba kutsika. Chisoti choyamba chinalibe nyenyezi. Chachiwiri chinalibe nyenyezi. Chachitatu chinalibe nyenyezi.

Omalizira kutsika anali a Xavier. A Xavier ankagwira ntchito ndi bambo ake a Gizela. Nyumba yawo inali pafupi. Ana onse ankawatcha atiyu, kutanthauza amalume. Anali munthu wa nthabwala. Tsiku lililonse ankamupatsa moni Gizela kuti, "Kamtsikana ka kumapiri."

Lero sananene kanthu.

Anali ndi zisoti ziwiri. Chimodzi chinali kumutu. China chinali m'manja. Cha m'manjacho chinali ndi kanyenyezi kobiriwira.

Basi inanyamuka. Bambo ake sanatsike.

Gizela anayang'ananso. A Xavier anali atakoleka chikwama cha bambo ake a Gizela pa phewa. Ankayenda pang'onopang'ono. Anali atagwira tsaya.

Gizela anawatsatira pambuyo. A Xavier anafika pa nyumba ya kwawo kwa Gizela. Anaika chisoti pa khonde. Anaika chikwama pa khonde. Anakhala pansi. Tsaya anagwirabe.

Kenako analankhula motsitsa.

"Amayi ako ali kuti?"

Mawu amenewa Gizela ankawadziwa. Anawamvapo ku Zóbuè. Tsiku limenelo kunabwera abambo awiri. Anabwera mwakachetechete. Anakhala pa khonde atagwira tsaya. Anafunsa kuti, "Amayi ako ali kuti?" Iwo sanamuuze Gizela kanthu. Uthenga wa maliro sauza mwana. Amayi atabwera, anayamba kulira. Agogo ake aamuna a Gizela anali atamwalira.

Tsopano mawu omwewo. Tsaya lomwelo. Khonde, ndi munthu wachete.

Timawu ta m'mutu tinasanduka chimfuu. "Waona? Ndinakuuza. Mwala wawagwera. Thamanga, ukauze amama."

Gizela anathamanga. Anathamangira ku msika. Ankafuna akafuule kuti ababa amwalira. Sanaone njira. Sanaone anthu. Patapata imodzi inavuka. Sanaitole.

Anafika pa msewu waukulu. Magalimoto akuluakulu ankadutsa. Vuu. Vuu. Mphepo yake inamukankha. Gizela anaima. Sakanatha kuwoloka.

Mtima unkagunda ngati ng'oma. Mpweya unkakana. Maso ankachita chizungulire. Gizela anaopa kwambiri. Anali asanaopepo chonchi.

Phazi lopanda patapata linamva mchenga wotentha. Linamva timiyala. Gizela anakumbukira. Ponda pansi.

Anaponda. Phazi ili, ndi phazi ili. Nthaka inali phee. Sinkagwedezeka.

Anayesa kununkhiza mango. Mpweya unadukiza. Anayesanso. Unadukizanso. Anayesa kachitatu. Unalowa. Anauzira mbatata pang'onopang'ono.

Kununkhiza mango. Kuuzira mbatata.

Kununkhiza mango. Kuuzira mbatata.

Mantha sanachoke. Anangosuntha pang'ono. Anasiya kampata koganizira.

Gizela anatambasula manja ake awiri.

Dzanja la maso. Waona chisoti. Waona chikwama. Waona atiyu atagwira tsaya. Wamva akufunsa amama. Ababa sanatsike basi.

Dzanja la mantha. Mwala. Magazi. Maliro.

Gizela anayang'ana dzanja la mantha. Mwala sanauone. Magazi sanawaone. Za maliro palibe amene wanena.

Anaganizanso za chisoti chija. Chinali chosasweka. Chinalibe mng'alu. Kanyenyezi kanali bwinobwino. Anaganiza za abambo ena a m'basi. Awiri ankaseka potsika. Mmodzi ankatafuna nzimbe. Zimenezinso maso anaona. Mantha ndi amene anazibisa.

"Mwina ndi zoona," timawu tinanong'ona.

"Mwina," Gizela anayankha. "Koma sindikudziwa."

Anaganiza za mayi ake. Akakafuula ku msika, amama adzagwa pansi. Amayi onse adzayamba kulira. Uthenga udzafika mpaka ku Zóbuè. Ndipo iye sakudziwa ngati ndi zoona.

Panatsala chinthu chimodzi. Kufunsa.

Kufunsa kunali koopsa kuposa kuthamanga. Nanga yankho likakhala loipa? Gizela anatembenuka. Anayamba kubwerera.

Anayenda pang'onopang'ono. Anatola patapata yake. Phazi limodzi, kupuma. Phazi lina, kupuma. Njira yaifupi ija inatalika.

A Xavier anali pomwepo pa khonde. Anali atatsinzina. Tsaya anagwirabe.

Gizela anaima patsogolo pawo. Anagwada. Mawu anatuluka aang'ono ngati a kamwana ka mphaka.

"Atiyu."

A Xavier anatsegula diso limodzi.

"Atiyu, ababa ali kuti? Ali moyo?"

A Xavier anatsegula maso onse awiri. Anachotsa dzanja pa tsaya. Tsayalo linali litatupa. Linali ngati abisamo ndimu.

"Ali moyo, mwanawe," iwo anatero. "Ali bwinobwino. Wakuuza zimenezo ndani?"

"Palibe. Koma mwagwira tsaya."

"Ndi dzino. Landisautsa tsiku lonse."

Analankhula movutika, pakamwa atangotsegula pang'ono. Anati a Laurindo atsikira pa siteji ya mashapa, timabasi tochokera ku Zóbuè. Azakhali ake a Gizela atumiza thumba la mbatata ya kachewere. Munthu sangasenze thumba atavala chisoti. N'chifukwa chake anawapatsa iwo chisoti ndi chikwama.

"Nanga amama mumawafuniranji?" Gizela anafunsa.

"Madzi otentha a mchere. Ndichukuche m'kamwa. Akazi anga apita ku Cateme."

Gizela anakhala pansi. A Xavier anamuyang'ana. Anayang'ana chisoti. Anayang'ana dzanja lawo. Apa m'pamene anazindikira.

"Pepa, kamtsikana ka kumapiri," iwo anatero. "Ndakuopseza. Dzino landichotsa nzeru."

Posakhalitsa panjira panaoneka munthu. Anali atasenza chithumba chachikulu. Nkhope sinkaoneka. Koma kayendedwe Gizela ankakadziwa.

Anathamanga. Anagwira miyendo ya bambo ake. Anaigwira zolimba. Bambo anadzandira. Thumba linapendeka. Mbatata zinayamba kugwa. Di, di, di.

Apa Gizela analira. Analira kwambiri. Misozi yonse imene anasunga inatuluka.

A Laurindo anatula thumba. Mbatata zinagubuduka mu fumbi. Iwo sanazisamale. Anakhala pansi pomwepo panjira. Anamuika Gizela pa miyendo.

"Chavuta n'chiyani, mwanangu?"

Gizela ananena zonse. Ananena za sireni. Ananena za tebulo la ku sukulu. Ananena za timawu. Ananena za chisoti ndi tsaya la atiyu. Anawaonetsa manja ake awiri, la maso ndi la mantha.

Mayi ake anafika ali ndi dengu pamutu. Anaima n'kumvetsera. Anatula dengu. Maso awo analengeza misozi.

"Masiku onsewa wakhala ukuopa wekha?" iwo anafunsa.

Gizela anagwedeza mutu kuvomera.

"Ukanabwera kudzafuula ku msika, ine ndikanakomoka," mayi anatero. "Wachita bwino kufunsa, mwana wanga. Wachita bwino kwambiri."

Gizela anapukuta mphuno. Panali funso lina. Linali lakale. Anali asanalifunsepo.

"Ababa, kukamaphulika, inu mumakhala kuti?"

Bambo anati amakhala kutali. Sireni ikalira, ntchito imaima. Aliyense amatuluka m'dzenje. Magalimoto onse amachoka. Akapitawo amaitana mayina. Munthu mmodzi akasowa, saphulitsa. Amadikira mpaka apezeke.

"Ndiye mumakhala mukutani?"

A Laurindo anakanda kumutu.

"Ndimakhala ndikudya," iwo anatero. "Imakhala nthawi ya chakudya."

"Kudya chiyani?"

"Mpunga ndi nyemba."

Gizela anawayang'anitsitsa. Anakwinya nkhope.

"Ine ndili pansi pa tebulo ku shikola, inu mukudya nyemba?"

"Nthawi zina ndimawonjezera mbale yachiwiri."

Mayi anayamba kuseka. A Xavier anasekanso, kenako anabuula chifukwa cha dzino. Gizela anafuna kukwiya, koma kuseka kunamuposa. Anaseka misozi ili m'masaya.

Bambo anamupukuta ndi chala. Anasiya kuseka.

"Sindinkadziwa, Gizela," iwo anatero. "Tsopano ndadziwa. Ukaopa, uzindiuza. Ngakhale nditatopa, uzindiuza."

"Ngakhale tsiku lililonse?"

"Ngakhale tsiku lililonse."

Anatolera mbatata onse pamodzi. Mayi anatenthetsa madzi a mchere a atiyu. Kenako anaphika mbatata zambiri. Za a Xavier anazinyenya kuti zifewe.

Anadyera pa khonde dzuwa lisanalowe. Gizela anakhala pakati pa bambo ndi mayi. Anatsamira pa phewa la bambo ake. Phewalo linali lofunda. Linkanunkha thukuta ndi fumbi la malasha.

"Ababa," iye anatero, "lero ndinaopa kwambiri."

"Ndamva, mwanangu. Nanga pano?"

Gizela anamvetsera m'mimba mwake. Munalibe mantha. Munali njala basi.

"Pano ndikufuna mbale yachiwiri."